Khomo la Oimba

Jakisoni anawabaya itangokwana 12 koloko, pamimba, monga mwa masiku onse. Adokotala ananena kalekale mosapsatira mawu: mukawabaya, pasathe theka la ola asanadye, apo ayi shuga atsika, ndipo munthu shuga akamutsikira sachedwa kugwa osadzukanso. Chisamba anawabaya abambo ake, n'kuika mbale ndi kapu ya tiyi patebulo, n'kuuza mlongo wake Mzime kuti asachoke mpaka aone kuti adya. Kenako anathamangira kusitolo ya mankhwala kumene amagwira ntchito.

Mzime anali ndi ntchito imodzi yokhayo padziko lonse lapansi. Mwamuna wandevu zake, wa zaka makumi atatu, wopanda kwina koti afulumirire. Koma 1 koloko itangodutsa foni ya Chisamba inalira.

"Achemwali, abambo sakuoneka."

"Adya?"

"Mbale ili momwe munaisiyira. Tiyi sanamukhudze, mukudziwa mmene akukanira makapu masiku ano."

"Nanga iwe unali kuti?"

"Ndinangofika apa kukagula mayunitsi. Achemwali... bokosi la gitala kunsi kwa bedi kulibenso."

Chisamba sanamutukwane, mpata wake panalibe. Anasungunula shuga wa ufa m'botolo la madzi, n'kuliponya m'chikwama, n'kutuluka ndi jekete yake yoyera ya kuntchito osatsanzika ngakhale kwa abwana. Mzime anamutuma kuchipatala chachikulu ndi kudepoti ya mabasi. Iye analowa m'kagalimoto kake. Kumene kwalowera bokosi la gitala ankakudziwa, ndipo kudziwako n'kumene kunamupsetsa mtima.

Abambo akewo tauni yonse inkawatcha a Zala. Anaimba gitala ya bezi m'makalabu a usiku zaka makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi. Kwa anthu ena limenelo linali dzina lalikulu, mpaka lero madala ena akamva kuti ndi mwana wa a Zala amayamba kugwedeza mapewa pakauntala ya mankhwala pomwepo. Kwa Chisamba, a Zala anali munthu amene ankakumana naye pageti m'mawa, iye akupita kusukulu, iwo akubwera kudzagona, akununkha fodya wa anthu ena. Makalabuwo sanalowemo n'kamodzi komwe. Mayina ake anawaphunzira kwa malemu amayi ake, amene ankawatchula mmodzimmodzi pamene akusita malaya a bandi, ngati munthu amene akutchula adani ake kwa Mulungu. Tsopano mutu wa a Zala unali utasokonekera, chaka chachiwiri ichi. Ankaiwala kumene kuli chimbudzi, ankaiwala kuti akazi awo anamwalira, ndipo masiku ena ankaiwala Chisamba yemwe, amene ankawasambitsa.

Anayambira ku kalabu ya Nyali Zitatu. Pamene panali nyali zitatuzo anapeza chikwangwani cha tchalitchi, ndipo mkati azimayi anayi ankakolopa akuimba. Sanaone mdala aliyense. Ku Masitepe anapeza anyamata ogulitsa mafoni, amene anayang'ana chithunzi cha abambo akewo pang'ono, foni yake n'kuiyang'ana kwambiri. Ku Dzenje, kalabu imene inali pansi pa nyumba yosanja, anapeza sitolo ya matailosi. Pamene panali khomo anaikapo galasi lalikulu, ndipo kuseri kwa galasilo zimbudzi zoyera zinali ndandanda, zikunyezimira. Mlonda wapakhomo anapukusa mutu asanamalize n'komwe kuona chithunzicho.

Apolisi anamuuza kuti munthu wamkulu satayika maola awiri, adikire kaye kuche. Mzime anaimba foni kuti kuchipatala kulibe, kudepoti kulibe. Wotchi ya m'galimoto inkati 3 koloko yatsala pang'ono. Chisamba anaimika galimoto pambali pa msewu. Iye ndi wa mankhwala, sankafunika womuuza chimene jakisoni uja akuchita m'thupi lopanda chakudya, loyenda padzuwa litanyamula bokosi.

"Achemwali," anatero Mzime pafoni, mawu ali pansipansi, "bwanji mukafunse Anti aja?"

"Anti ake ati?"

"Mukuwadziwa. A pakauntala. Amagulitsa makatani kumsika wapansi."

Chisamba anadula foni. Mayi ameneyo amayi ake sanamutchulepo dzina moyo wawo wonse, ankangoti "uja". Anagulitsa mowa m'makalabu onse amene a Zala ankaimba, bandi ikasamuka iyenso n'kusamuka, ndipo panalibe munthu m'tauni amene ankati zinangochitika mwangozi. Tsiku la maliro a amayi ake mayiyo anabwera, ndipo anali Chisamba mwini wake amene anakamuimika pageti n'kumubweza anthu onse akuona. Anakhala m'galimoto mphindi imodzi yathunthu akudana ndi Mzime, akudana ndi abambo ake, akudana ndi gitala. Koma wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko. Analiza galimoto.

Anawapeza Antiwo atakhala pampando wapulasitiki pakati pa makatani olendewera, mwendo wotupa atausanjika pakatoni. Anali atanenepa, tsitsi lonse mbuu. Anamuyang'ana Chisamba kuyambira kunsapato mpaka kumutu, osafulumira.

"Chipumi cha amayi ako," anatero Anti. "Wabwera kudzandithamangitsanso? Kuno ndiye n'kwanga."

"Abambo asowa. Ndawabaya jakisoni wa shuga 12 koloko, sanadye. Atenga gitala."

Mwendo uja unatsika pakatoni. Anti sanafunse chilichonse cha maliro, ndipo Chisamba sanapepese.

"Avala chiyani?"

"Zovala zili n'chiyani? Ndili ndi chithunzi chawo apa..."

"Chithunzi ndichitani, nkhope yawo ndaiiwala? Ndati avala malaya anji?"

"Ofiira. Akale, a kolala yaikulu. Takangana m'mawa, ndimafuna kuwaveka ena, iwo n'kumalimbikira omwewo. Awatulutsa okha m'sutikesi."

"Ofiira n'a ku Dzenje. Oyera ku Nyali Zitatu, amizere ku Masitepe. Kalabu iliyonse inali ndi malaya ake, ukasokoneza bwana amakubweza. Ali ku Dzenje."

"Ndachokera komweko. Kulibe."

"Unaima pati?"

"Pakhomo. Ndafunsa mlonda."

"Khomo la kumsewu?" Anti anawomba m'manja kamodzi, mokwiya. "Mwana wa woimba iwe, osadziwa? Oimba salowera kumaso! Khomo lakumaso n'la makasitomala. A Zala zaka zonse zija sanapondepo pakhomo lakumaso la kalabu iliyonse m'tauni muno. Tandigwira dzanja ndidzuke."

Kuchokera pamakatani kukafika pagalimoto unali mtunda wa mapazi makumi atatu basi, koma kwa Chisamba unali ngati ulendo wa kumudzi. Anti ankaponda kamodzi n'kupuma, dzanja lawo lolemera lili paphewa pake. Chisamba ankamva fungo la mafuta opaka mawondo, ndipo ankangoganiza kuti amayi ake akanaona phewa limeneli likunyamula dzanja limeneli akanalavula.

Pamsewu waukulu magalimoto anali atathinana, lole ina itafera pamphambano. Chisamba analiza hutala mpaka woyendetsa wa kutsogolo anatulutsa dzanja pawindo n'kumufunsa ngati akufuna kuuluka. Maso a Anti anali panyumba za m'mbali mwa msewu.

"Apo pali banki apo panali Kwa Mfiti," anatero. "Mwini wake sankagona, n'chifukwa chake. Munali mpira wa magalasi kudenga, tsiku lina unagwera pamutu pa mkulu wina wa kampani amene anauza mkazi wake kuti ali kumaliro. Apo pogulitsa matayala panali Kamphepo, yopanda denga. Mvula ikabwera anthu ankavina ndi maambulera, oimba akugwidwa ndi magetsi m'zala koma osasiya."

"Anti, chonde."

"Dzenje ndiye inali kalabu. Anthu akadzaza makoma ankatuluka thukuta, madzi kumachita kudontha kudenga. Atsikana ankandisungitsa nsapato kuseri kwa kauntala n'kumavina chosavala kuphazi. Abambo ako akayamba bezi, mabotolo pashelefu ankayenda okha, ine n'kumawagwira. Sankamwetulira poimba, ankangotseka maso..."

"Sindikufuna kumva! Inu mukamagwira mabotolo, ife tinkakhoma zitseko tokha ndi amayi. Mukuona ngati ndi nthano yokoma?"

Anti anatembenuka n'kumuyang'ana.

"Ukuona ngati ndikukusangalatsa? Ndikulankhula kuti ndisalire, mwana iwe. Ndikakhala chete ndiyamba kuwerenga maola ngati iweyo. Khota apa, usadikire lole. Kanjira aka kamatulukira kuseri."

Kanjirako Chisamba anali asanakaonepo, ngakhale ankadutsa msewu umenewo tsiku lililonse. Kanali kopapatiza, kodzaza makatoni onyowa ndi matailosi osweka, konunkha mkodzo. Galimoto inalephera kupitirira. Anatsika n'kuthamanga, Anti akukuwa kumbuyo kuti ayang'ane kumanzere, pali masitepe achitsulo otsikira pansi.

Masitepewo analipo, adzimbiri, obisika kuseri kwa migolo ya zinyalala. Munthu woima pamsewu sakanawaona ngakhale atakhala ndi maso anayi. Chisamba anasuzumira.

Pansi penipeni, pakhomo limene linatsekedwa ndi njerwa kalekale, a Zala anali atakhala pabokosi la gitala. Malaya ofiira aja anali atada ndi thukuta, atamatirira pachifuwa. Mutu unali utatsamira kunjerwa. Manja awo anali pamawondo, akunjenjemera okha.

"Ababa!"

Anatsika masitepe awiriawiri. Anawagwira pamphumi: pozizira, ponyowa. Milomo inali itatuwa. Koma maso anali otsegula, ndipo anamuyang'ana ngati mmene munthu amayang'anira mlendo amene wamuponda phazi m'basi.

"Sanatsegule," anatero a Zala, lilime likulemera. "Amatsegula 4 koloko. Tiyese zida."

"Imwani ichi, ababa. Imwani msanga."

Anatulutsa botolo lija, n'kuchotsa chitsekerero, n'kuliika pamilomo pawo. A Zala anatembenuzira nkhope kukhoma.

"Mayi, sindikudziwani."

"Ndine Chisamba, mwana wanu. Imwani, shuga watsika!"

"Sindimwa zimenezo."

Anawagwira chibwano. Zaka ziwiri akuwasambitsa, akuwachapira zofunda zonyowa, amuna ake mpaka anatopa n'kusiya kufunsa kuti adzabwerera liti kunyumba. Ndiye lero amufere m'manja, botolo lili pakamwa? Anakanikiza botolo pamano. Mdala wofooka uja anapeza mphamvu kumene anazipeza, n'kulimenya ndi kuseri kwa dzanja. Botolo linagunda khoma, n'kugubuduka, madzi onse n'kumwedwa ndi fumbi. Chisamba anapeza maswiti awiri pansi pa chikwama. A Zala analuma mano, maso ali psuu, ngati mwana amene akukana mankhwala.

"Usawakakamize!" Anali Anti, ali pamwamba pa masitepe, akupuma mwabefu. "Taima, ndikubwera."

Anatsika chammbali, sitepe imodzi imodzi, chitsulo chikulira. Atatsala masitepe atatu anaima. Chisamba anawaona akusalaza tsitsi ndi dzanja, akukonza kolala ya bulauzi, ndipo ngakhale mtima unali m'mwamba zinamunyansa. Anti anafika pansi, n'kuima mowongoka mmene mawondo akanalolera.

"A Zala," anatero ndi mawu ena, opepuka, amene Chisamba anali asanawamve. "Mwafulumira lero. Ndi ine."

A Zala anakweza maso pang'onopang'ono. Anayang'ana tsitsi loyera lija, thupi lija, mwendo wotupa uja.

"Agogo," anatero mwaulemu, "kuno si kopemphera. Kuno n'kumowa. Bwererani, angakupondeni."

Dzanja la Anti linapita pachitsulo cha masitepe n'kugwira zolimba. Chisamba anali atalakalaka zaka zambiri kuona mayi ameneyu akupwetekedwa, koma zitachitika pamaso pake sanamve kukoma kulikonse. Anangoona kuti munthu yekhayo amene ankamudalira nayenso waiwalika.

"Titani? Tiwanyamule? Sitingawakweze awiri pamasitepe awa. Ambulansi ndi lole ija sifika msanga. Akakomoka sangamezenso, Anti, titani?"

Anti atalankhula, mawu anali atabwerera akale aja, okalipa.

"Botolo lako linali lotsegula kale?"

"Ndasungunuliramo shuga kuntchito."

"N'chifukwa chake. Woimba samwa chinthu chimene sanachione chikutsegulidwa. Panali mnyamata wina woimba nawo, mawu ngati belu. Mkazi wina anamupatsira botolo lotsegula pakhomo lomwe lino. Anagona masiku atatu, atadzuka mawu kulibe, mpaka anamwalira akungonong'ona. Kuyambira tsiku limenelo bandi yonse inalumbira: chakumwa n'cha m'botolo lagalasi, lotsegulidwa pamaso pako, ndi munthu wa pakauntala. Kasitomala akakugulira, umathokoza n'kuthira pansi."

Chisamba anakumbukira makapu a tiyi amene miyezi itatu iyi ankabwerera kukhitchini osakhudzidwa. Iye ankati ndi mwano wa matenda, masiku ena mpaka ankawakalipira.

"Thamanga," anatero Anti. "Pakona pali kagolosale. Chakumwa chotsekemera, chagalasi, osati pulasitiki. Ubwere ndi chotsegulira. Asakutsegulire!"

Anakwera masitepe, n'kudumpha makatoni, nsapato imodzi n'kutsala m'matope, iye osaitola. M'kagolosale munali bambo wina wodekha ngati Lamlungu, akumvera wailesi.

"Chakumwa chagalasi! Chotsekemera!"

"Zagalasi zinasowatu masiku ano, mayi. Pulasitiki ndiye ilipo, yozizira bwino."

"Tayang'anani pansi pa firiji, chonde, munthu akufa!"

Bamboyo anawerama, n'kusuntha mabotolo, n'kusunthanso. Kenako anadzuka ndi mabotolo awiri agalasi, a malalanje, n'kuwaika pakauntala. Dzanja lake, mwa chizolowezi cha zaka zambiri, linapita lokha pachotsegulira chomangidwa ndi chingwe, n'kuchikoleka pachitsekerero.

"Musatsegule!"

Anakuwa mwakuti bamboyo anadumpha, wailesi n'kugwa. Chisamba analanda mabotolo onse awiri, n'kukoka chotsegulira mpaka chingwe chinaduka, n'kutuluka. Bamboyo anamutsatira mpaka pakhomo, koma ataona mzimayi wa jekete yoyera akuthamanga ndi nsapato imodzi anangoima kukamwa kuli yasa.

Atafika pamasitepe anaona kuti mutu wa abambo ake wagwera pachifuwa. Anti anali atawagwira phewa kuti asagwere chammbali, akuwaitana dzina mobwereza. Maso ankatseguka n'kutsekekanso.

"Eni, apatseni," anatero Chisamba, akupereka botolo.

"Ine ayi. Wamva wekha, ine ndine agogo. Akufuna mtsikana wa pakauntala." Anti anamuyang'ana m'maso. "Ndiwe."

"Ine?"

"Vula jeketeyo, ukuoneka ngati wa kuchipatala. Vula nsapato inayo, usamatsimphine. Tenga kansalu aka, ponya paphewa. Tola tailosi iyo, ndiyo thireyi yako, botolo silibwera m'manja."

Chisamba anachita zonse. Amayi ake anamulera ndi mawu amodzi: uphunzire, ungadzathere pakauntala ngati uja. Anaphunzira, mpaka anavala jekete yoyera. Tsopano jeketeyo inali pansi m'fumbi, ndipo uja ndi amene ankamukonza kansalu paphewa. Anamva manyazi, anamvanso ngati akuwapereka amayi ake, koma anasanjika botolo patailosi.

"Kwera masitepe atatu, utsike ngati ukuchokera kwina. Usagwade, kukalabu sitigwada. Usati ababa. Uziti a Zala, ndipo unene kuti iyi n'ja abwana. Botolo ulikweze aone chitsekerero, kenako utsegule molira. Mawu akhale osangalala."

"Sindingathe kusangalala."

"Ukuganiza kuti ife tinkasangalala? Pita."

Anakwera masitepe atatu. Anapuma kamodzi. Anatsika ndi mapazi opanda nsapato, tailosi ili m'mwamba, botolo likugwedera.

"A Zala!" Mawu anatuluka okwera, achilendo, ngati a munthu wina. "Mwafulumiratu lero. Iyi n'ja abwana, akuti muziziziritse kukhosi podikira."

Mutu uja sunasunthe. Chisamba anayang'ana kwa Anti. Anti anamukodola ndi chibwano kuti abwereze.

"A Zala, a bezi! Mwagona pantchito? N'ja abwana iyi!"

Pang'onopang'ono chibwano chinachoka pachifuwa. Maso anatseguka, n'kuyendayenda, n'kupeza botolo. Chisamba analikweza pafupi ndi nkhope yawo, n'kulitembenuza kuti aone chitsekerero mbali zonse. Anakoleka chotsegulira. Chinaterereka. Anakolekanso, n'kukoka. Botolo linalira, chitsekerero n'kugwa pasimenti, thovu n'kukwera kukhosi kwa botolo.

Dzanja lonjenjemera lija linanyamuka lokha. Silinathe kugwira bwino, choncho Chisamba anachirikiza botolo kunsi ndi zala ziwiri, ngati kuti akungolipukuta ndi kansalu. A Zala anamwa. Chisamba ankayang'ana kholingo likukwera ndi kutsika, akuwerenga chamumtima. Anamwa theka, n'kupuma, n'kumwanso mpaka pansi.

Anti anakhala pasitepe yomaliza, nkhope atalozetsa kukhoma. Kumtunda kunkamveka mahutala ndi munthu wina akutsitsa matailosi m'lole. Patapita mphindi zingapo manja aja anayamba kudekha. Milomo inabwerera mtundu wake. A Zala anadzikonza pabokosi, n'kukoka kolala ya malaya, n'kugeya mopepesa.

Chisamba anatsegula botolo lachiwiri pamaso pawo, ndipo ulendo uno analigwira okha. Anamwa pang'ono, kenako n'kumuyang'anitsitsa nthawi yaitali, kuyambira pakansalu ka paphewa mpaka kumapazi amatope. Shuga akakwera, nthawi zina mutu unkabwererako pang'ono. Chisamba anadikira kuti amutchule.

"Ndiwe watsopano?" anafunsa a Zala.

Anti, osatembenuka, anamugunda Chisamba pakakolo ndi phazi.

"Eya," anatero Chisamba. "Ndayamba lero."

"Ndaona, sudziwa kutsegula." Anamwetulira pang'ono, kenako nkhope inagwa. Anatsitsa mawu ngati akuopa kuti abwana angamve. "Ukuoneka mwana wa pabanja labwino iwe. Ntchito ino imadya anthu, umalowa kuli mdima, umatuluka ana ako atakula. Abambo ako akudziwa kuti uli kuno?"

Chisamba anatenga kansalu paphewa n'kuwapukuta thovu pachibwano.

"Sakudziwa," anatero. "Malizani, a Zala."